Dayisi ya Phulusa la Manoli

Bronwyn Kalogeras anandiitanira pampanda Lolemba m'mawa, ine ndikuthirira mandimu anga. Anali atafumbatira kabokosi ka thabwa ndi manja onse awiri, ndipo maso ake ankaonetseratu kuti tulo sanatione. Moni sanapereke.

"Marlene, muno mulibe Manoli," anatero.

Ndinatseka mpope. Pa zaka makumi atatu ndi chimodzi zimene ndinagwira upolisi ndinamva amayi amasiye ambiri akulankhula zosamveka, ndipo ndinaphunzira kuti suyamba ndi kuwatsutsa. Ndinamuuza kuti azungulire kuchipata, ine nditereke madzi a tiyi.

Manoli anali mwamuna wake. Anagwira ntchito kufakitale yosungunula mtovu kuno ku Port Pirie kuyambira ali mnyamata, ndipo khansa inamutenga mu Sepitembala chaka chatha, asanakwanitse zaka makumi asanu. Kwa zaka pafupifupi makumi awiri, Lamlungu lililonse masana, shedi ya kuseri kwa nyumba yawo inkadzaza phokoso la masewera ake a nthano. Iye ndiye ankayendetsa nkhani. Ankapeka mizinda, mafumu ndi zilombo, anzake aliyense n'kukhala munthu wa m'nkhanimo, ndipo wina akafuna kudumpha phompho kapena kunamiza mlonda ankaponya dayisi kuti igamule. Ikagwa pa 20, zayenda. Ikagwa pa 1, tsoka. Ine sindinasewerepo, koma kuseka kwawo kunkadutsa mpanda n'kundipeza pakhonde.

Atadziwa kuti akupita, Manoli anasiya mawu. Anati mtembo wake utenthedwe, phulusa alimwaze m'nyanja ku Port Germein, koma atapeko pang'ono aliike m'dayisi kuti aziwavutitsabe patebulo. Bronwyn anachita zonsezo. Choncho chimene chinatsala cha thupi la Manoli pa dziko lonse lapansi chinkayenera kukhala m'kabokosi kaja.

Anakatsegula patebulo la kukhitchini kwanga. Dayisiyo inali ya mbali makumi awiri, kukula ngati dzira la nkhunda, youmbidwa ndi utomoni woonekera ngati galasi. Mkati munali mtundu wa nyanja yakuya, timadontho ta golide ndi kamtambo kotuwa. Manambala nawo anali agolide, moti ndinachita kuipendeketsa chakuwindo kuti ndiwerenge. Kukongola kokha inali nako.

Bronwyn anafotokoza kuti ankaiponya kamodzi kokha Lamlungu lililonse, nkhani ikafika pothina, ndipo pafupifupi nthawi zonse inkagwa pa 1. Iwo ankaseka, amvekere Manoli akutiphabe. Koma masabata atatu apitawa inapereka 17, kenako 12, ndipo dzulo lake inapereka 20.

"Clive anaomba m'manja," anatero. "Ine ndinalowa m'nyumba kukasanza."

Ndinamuuza mofatsa kuti mwayi umasintha. Anatenga tambula, n'kuthiramo madzi ndi mchere wanga pafupifupi wonse, n'kutakasa mpaka dayisi inayandama. Anati Manoli ndiye anamuphunzitsa zimenezi: dayisi yolemera mbali imodzi, ukaikankha ndi chala m'madzi amchere, imatembenuka n'kubwerera pa nambala yomweyo. Pa Khirisimasi anayesa, ndipo kakhumi konse inabwerera pa 1. Tsopano anaikankha ine ndikuona. Inatulukira 9. Kenako 14. Kenako 3.

Ndinatenga galasi langa lokuzira zinthu. Pa ngodya ina, pafupi ndi 7, panali pobenthuka. Bronwyn anati inabenthuka itagwa pasimenti mwezi ndi theka wapitawo. Koma utomoni ukabenthuka wokha umasiya malo osalala ngati mkati mwa chigoba cha nkhono. Apa panali timizere ting'onoting'ono tondondozana. Wina anapalapo ndi tupa.

Ndinamuuza kuti sanapenge. Wina anaba dayisi yeniyeni n'kusiya yachinyengo, ndipo wakubayo ankadziwa za kubenthukako. Zopita kupolisi anakana. Anati wapakauntala akangolemba kuti kwasowa chidole cha pulasitiki, ndipo ine ndinkadziwa kuti sakunama. Kabokosi kankakhala m'kabati yokhoma mushedi muja. Makiyi anali awiri okha: wake, amene sachoka pa makiyi a galimoto yake, ndi wa Clive Hannaford, amene anatenga udindo woyendetsa nkhani Manoli atamwalira. Osewera ena anasiya mmodzimmodzi maliro atatha, moti patebulo panatsala anthu atatu: iye, Clive ndi Voula, mlongo wake wa Manoli.

"Clive sanaikondepo," anatero Bronwyn, maso ali pa tambula. "Ananena pamaso panga kuti tsiku lina adzaitaya m'ngalande."

*

Clive ndinamupeza kukhola la nkhunda zake za mpikisano, atavala magalasi akuda ngati woimba. Anayendetsa sitima za pamtunda zaka makumi anayi, ndipo mpaka pano amalankhula ngati akupikisana ndi injini. Atandiona anafunsa ngati ndabwera kudzamanga nkhunda zake chifukwa choipitsa zovala zanga pachingwe. Nditamuuza nkhani, nthabwala zinamuthera.

"Nanga yeniyeniyo ili kuti?"

Ndinati n'zimene ndabwera kudzamufunsa.

Za ngalande sanakane. Anandilowetsa m'khitchini n'kukhuthula kathumba ka madayisi patebulo, oyera, a manambala akuda, operepeseka ngati mano a galu wokalamba.

"Dayisi ndi chipangizo, Sajeni, ngati sipanala. Uiponye, uwerenge, masewera apitirire. Chija ukaponya, anthu atatu aweramepo ngati akufufuza nsabwe. Golide pa golide, angawerenge ndani? Ngodya zake n'zakuthwa, zakandakanda tebulo lonse. Ukaponya mwamphamvu chibenthuka, ukaponya mwaulemu sichigubuduzika. Ndiye sabata ndi sabata chikugwa pa 1, anthu anga akufa m'nkhani popanda mlandu. N'chinthu choika pashelefu n'kumachiyang'ana. Ndinanena, ndipo ndinganenenso."

Tinawerenga masiku pa kalendala ya kuseri kwa chitseko. Pakati pa Lamlungu lomaliza limene inagwa pa 1 ndi limene inapereka 17, iye anali ku Adelaide kochotsa ng'ala m'diso. Ananyamuka Lolemba pa basi, anabwera Loweruka, ndipo ankagona kwa mwana wake wamkazi. Anandionetsa kalata ya kuchipatala ndi timabotolo ta mankhwala a m'maso. Makiyi ake anawasiya pa msomali wa m'khitchini monga achitira nthawi zonse, ndipo m'nyumbamo simunalowe munthu kupatula Voula, amene ankabwera madzulo kudzadyetsa nkhunda. Anawonjezera kuti ndi maso amene anali nawo mwezi umenewo sakanatha n'kulowetsa komwe ulusi pa singano yosokera matumba, nanji kupala ngodya ya dayisi.

Umboni wakewo sunatseke mipata yonse. Munthu wokhala ndi kiyi safunikira sabata yathunthu. Koma pambali pa madayisi panali kope lothetheka, ndipo zolembazo ndinazizindikira, chifukwa Manoli ankandisiyira timakalata pampanda ndikakhala ndachokapo. Clive anaona kumene ndikuyang'ana. Anati Manoli analemba nkhaniyo mpaka sabata imene manja anamukanira, ndipo iye amangowerenga m'kopemo n'kumatalikitsa. Kwatsala masamba anayi. Akadzatha amenewo sakudziwa kuti adzatani. Anavula magalasi aja n'kupukuta diso labwinolo, amvekere ndi mankhwalawa.

"Chinthucho ndingadane nacho, Sajeni, koma muli mnzanga."

Ndinamufunsa za tsiku limene dayisi inabenthuka. Anati anaponya ndi iye, inagubuduzika n'kupitirira tebulo, ndipo italira pasimenti aliyense anauma. Bronwyn ndiye anayamba kuseka, kuseka kwa munthu woopa kulira, n'kunena kuti Manoli sankabwera kuchokera kuntchito wopanda bala. Anaibwezera m'kabokosi, masewera n'kupitirira. Koma mmodzi sanabwerere pampando.

"Voula anagwada pasimenti paja ola lathunthu, akupapasa ndi zala pansi pa mashelefu, kufunafuna kachidutswa kaja. Ife tikusewera pamwamba pa mutu wake."

*

Voula ali ndi saluni pafupi ndi positi. Ndinadikira mpaka kasitomala womaliza anatuluka. Mtsikana ameneyu ndinamudziwa ali pasukulu, ndipo kuyambira nthawi imeneyo amalankhula ngati mvula pamalata. Anayamba ndi kuzizira kwa Juni uno, n'kupita ku tsitsi langa, limene anati ndalidula ndekha ndi mpeni wa buledi, n'kufika ku mitengo ya tomato. Nditanena kuti dayisi ya m'kabokosi si yeniyeni, tsache linaima pang'ono m'manja mwake, kenako linapitiriza kusesa.

Anati iye kiyi wa kabati ija sanakhalepo naye. Zaka zonsezi, mlongo weniweni wa Manoli, mimba imodzi, koma mlamu wake anaona kuti woyenera kiyi ndi Clive. Sabata imeneyo anali muno kuyambira m'mawa mpaka 5 koloko, ndipo ndikhoza kufunsa mayi aliyense wa m'tauni muno wokhala ndi tsitsi pamutu. Akaweruka amathamangira kukaphikira Baba.

Bambo ake, a Thanasi, ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu ndi zinayi. Anabwera kuno pa sitima ya pamadzi kuchokera ku Girisi ali mnyamata, ndipo tchalitchi chawo sichilola kutentha mtembo. Wansembe sanachite mwambo wa maliro a Manoli. A Thanasi sanapite ku Port Germein, ndipo kuchokera tsiku limenelo sanalankhulepo ndi mpongozi wawo. Akakumana m'sitolo ankatembenuza ngolo yawo n'kulowa mzere wina. Ndinafunsa ngati ankadziwa za dayisi.

"Baba? Akanadziwa tikanawaika kale m'manda," anatero, akuyang'ana pagalasi osati kwa ine.

Nanga kachidutswa kaja anakapeza? Anati ayi, kanapita ndi fumbi. Kenako anandiuza kuti ndibwere Lachinayi adzandikonze chisa chili kumutuchi, ndipo anandiperekeza mpaka pakhomo akulankhulabe.

Ndinakhala m'galimoto osailiza. China chake chinkandikanda mumtima, ndipo panapita nthawi ndisanachigwire. Clive atangomva, funso lake loyamba linali lakuti yeniyeniyo ili kuti. Voula analankhula theka la ola, koma funso limenelo sanafunse.

*

Kukayikira si umboni. Lachiwiri m'mawa ndinapita ku Crystal Brook, kwa Ngaire Tuckwell, amene Bronwyn anati ndiye anaumba dayisi ija. Ankagwira ntchito m'galaja ya kuseri kwa nyumba yake. Mashelefu anadzaza zikombole ndi madayisi a mitundumitundu, ena muli maluwa ouma, ena mchenga wofiira, ena nthenga za mbalame. Ngaire ndi mayi wamtali wa mawu ochepa, amene amayamba wapuma asanayankhe chilichonse. Ndinaika dayisi pa benchi lake. Anaiyang'ana osaikhudza.

"Ndi yanga," anatero. "Yachiwiri."

Sanachite kukakamizidwa. Anati Manoli anabwera yekha kudzaitanitsa yoyamba, ali wowonda, akuyendera ndodo, n'kusankha mitundu akuseka. Iye anamuchenjeza kuti madayisi ake ambiri ndi oyang'ana, osati oponya tsiku ndi tsiku. Manoli anayankha kuti anzake sangamuike pashelefu ngakhale atawalipira. Phulusa litabwera, kanali koyamba kuti Ngaire agwire phulusa la munthu, ndipo sankadziwa kuti ndi lolemera chonchija. Utomoni usanaume linamira n'kukaunjikana pansi pa chikombole, mbali ya 20, imene ili kuseri kwa 1. N'chifukwa chake inkagwa pa 1. Zinamuchititsa manyazi, koma phulusa lina panalibe.

Mwezi wapitawo kunabwera munthu ndi zithunzi pafoni, zoonetsa mbali zonse ndi pobenthuka pomwe. Anati Bronwyn akuopa kuti yeniyeni ingaonongeke, ndiye akufuna kumupangira mphatso, yofanana ndendende, yoti aziponya popanda mantha. Phulusa anabwera nalo yekha m'kabotolo. Ngaire anaona kuti wapeza mwayi wokonza cholakwa chake. Anadikira utomoni ulimbe pang'ono, n'kusakaniza bwinobwino kuti pasakhale mbali yolemera.

"Ndinaipanga yolungama," anatero. "Sindinadziwe."

Ndinamuuza kuti ukatswiri wakewo ndi umene waulula zonse, koma sanaone choseketsa, ndipo inenso sindinaseke. Dzina anakana kutchula. Anati analonjeza, ndipo munthuyo ankalira potuluka. Sanafune kunenanso ngati anali mwamuna kapena mkazi.

Ndinafunsa ngati phulusalo linatha. Anapuma, kenako anatambasula dzanja pashelefu n'kundipatsa kabotolo kamene kale munali uchi. Pansi pake panatsala phulusa lotuwa, muli timakala takuda. Ndinatsegula n'kununkhiza.

Fungo limenelo ndinalidziwa. Ndinaima nalo kumbuyo kwa tchalitchi cha Agiriki pa maliro ambiri ndili mu yunifolomu. Linali la lubani.

*

Voula atandiona pakhomo ndi kabotolo m'manja, anapepesa kasitomala amene ankadikira, n'kutembenuza chikwangwani cha pachitseko. Anakhala pa mpando wometera.

Ndinamuuza zimene ndikudziwa: kiyi wa Clive pa msomali, nkhunda madzulo, ndi zoti Bronwyn amagwira ntchito ya masana kunyumba yosungira okalamba mpaka 8 koloko, moti shedi imakhala yopanda woiona. Anagwedeza mutu kuvomera chilichonse.

Kachidutswa kaja anakapeza. Kanali pansi pa shelefu, kochepa ngati chikhadabo cha mwana, ndipo mkati mwake munkaoneka timadontho totuwa. Anakakulunga m'pepala n'kupita nako kunyumba. Bambo ake anamupeza akulira m'khitchini, pepala lili pamiyendo, ndipo bodza linamusowa. Anawauza zonse.

"Ndinkaganiza kuti akalipa, Marlene. Sanakalipe. Anangofunsa kuti amamuponya kangati. Ndinati kamodzi pa sabata. Anafunsa kuti ndipo iwe umakhalapo? Ndinati eya. Basi anapita kuchipinda. Masiku asanu ndi limodzi sanadye."

Pa tsiku lachisanu ndi chiwiri anawalonjeza kuti awabweretsera mwana wawo. Phulusa analitapa m'kambale kamene bambo ake amafukizira lubani kutsogolo kwa zithunzi za oyera mtima. Anati iye mwini anaiponya dayisi ija miyezi yonseyo n'kumaseka nawo, chifukwa Manoli ankafuna choncho, ndipo sankaona vuto mpaka tsiku limene anamva kulira kwake pasimenti. Kuyambira pamenepo, Clive akangoti yafika nthawi ya Manoli, iye ankatembenuzira nkhope kumbali.

Ndinafunsa kumene ili. Anati ili m'manda a mayi awo, chakumutu. Anakumba ndi kafosholo ka m'dimba, bambo ake ataimirira pambali akunena mapemphero amene wansembe sananene.

Ndinamuuza kuti Bronwyn sindingamubisire, ndipo kuti mwa lamulo chimene anachitacho ndi kuba. Anati akudziwa. Anati ndimuuze kuti Baba amakhala kumandako Loweruka lililonse m'mawa, kukathira mafuta m'kanyale ka pamanda, ndipo kuti nayenso adzakhalako.

*

Bronwyn anamvetsera mpaka kumapeto osandidula. Nditamuuza kuti akafuna ndimuperekeza kupolisi, anati wamva. Masiku atatu makatani a nyumba yake sanatsegulidwe. Loweruka m'mawa ndinamupeza ataima pafupi ndi galimoto yanga, atavala jasi la Manoli, kafosholo ka m'dimba kakuonekera m'thumba.

Kumanda kunkaomba mphepo yozizira yochokera kunyanja. A Thanasi anali atakhala pa kampando kopinda, chipewa chili pabondo, Voula ataima kumbuyo kwawo. Atationa, mkuluyo anadzuka movutikira. Ndinaima chapatali pang'ono, poti ndimve koma ndisalowerere.

Bronwyn sanapereke moni. Anafunsa kuti ndi pati. Mkuluyo analoza ndi ndodo pafupi ndi mwala wa kumutu, pamene dothi linali lisanalimbe. Bronwyn anagwada n'kuyamba kukumba. Voula anafuna kuyandikira, koma bambo ake anamugwira mkono.

Sipanali pakuya. Anatulutsa kanthu kokulungidwa m'nsalu yoyera imene inayamba kale kuda ndi dothi. Atafunyulula, tinaona kuti nsaluyo ndi kachipewa ka khanda, kosokedwa pamanja, ka timaluwa m'mphepete. Dayisi inali mkati, ndipo pambali pake panali kapepala kopindidwa, kamene munali kachidutswa kaja.

"Anabatizidwa atavala kameneko," anatero a Thanasi. Anali mawu awo oyamba kwa iye pa miyezi isanu ndi inayi. "Mayi ake anakasunga."

Bronwyn anati Manoli anasankha yekha, iye sanamukakamize, ndipo anachita zimene mwamuna wake anamupempha ali pabedi la imfa. Mkuluyo anati akudziwa. Anati mwana wawo anali wouma mutu kuyambira m'mimba, ndipo mkwiyo wawo anaupereka kwa mpongozi chifukwa woyenera kumukwiyira anali atapita. Anati sakupempha kuti awakhululukire. Akafuna kumutenga amutenge, iwo alibe mphamvu zolimbana ndi munthu. Amangofuna kuti akamadzagona pamenepo, adzadziwe kumene mwana wawo ali.

Bronwyn anaifumbata dayisi ija n'kuiika pachifuwa. Anakhala choncho, atagwada m'dothi lonyowa, mpaka ndinayamba kumva kuzizira m'mafupa. Ndinkadziwa zimene akuyeza. Nyumba yake inalibe manda oti apiteko, inalibe mwana, inali ndi kabokosi kaja basi. Kenako anatenga kafosholo n'kukumbanso, mozama kuposa poyamba, mpaka mkono wonse unalowa. Anakulunga dayisi m'kachipewa muja mmene anaipezera, kachidutswa n'kukaika pambali pake, n'kukwirira. Dothi analitsendera ndi zikhatho.

Atadzuka anayang'ana mlamu wake.

"Ukanandipempha, Voula."

"Ukanavomera?"

"Ayi."

Voula anayamba kulira, koma Bronwyn sanamukumbatire. Anamuuza kuti kupolisi sapita, komanso kuti asadzapondenso pakhomo pake, mwina mpaka kalekale. Akuluakulu amati chibale ndi fupa sichiola, koma Bronwyn sanali wa fupa limenelo, ndipo tonse anayi tinkadziwa.

Tikutembenuka kuti tizipita, mkuluyo anaitana Bronwyn ndi dzina lake. Anati maondo awo sakulolanso kugwada, ndipo Voula Loweruka amakhala ndi makasitomala ambiri. Kanyale kamafuna munthu wothira mafuta kamodzi pa sabata. Sananene zambiri kuposa pamenepo. Bronwyn anaima pang'ono, osacheuka, kenako anapitiriza kuyenda.

Tinakwera galimoto. Manja ake anali pamiyendo, dothi lili m'zikhadabo. Tinadutsa njanji, tinadutsa bwalo la mpira, chumuni cha fakitale chikufuka patsogolo pathu monga mwa masiku onse. Anandipempha kuti ndikauze Clive kuti mawa asabwere, ndipo kuti kope lija alisunge, masamba otsalawo awerenge yekha. Ndinati ndikamuuza.

Titaima pa maloboti a pafupi ndi sitolo yaikulu, anapukuta nkhope ndi mkono wa jasi lija.

"Marlene, kanyale kaja amathiramo mafuta anji?"

Ndinati sindikudziwa, koma m'sitolomo sangalephere kutiuza. Magetsi anasintha, wa kumbuyo kwathu n'kuliza hutala. Kenako anati ndikhote.